Chikhomo cha Munda wa Amayi

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene ndinamva ndi makutu angawa akuluakulu akugwirizana zokandikwirira kumunda.

Abambo anali atamwalira chaka chomwecho. Amayi anali pachitengwa, ndiye mudziwo sunali wathu, unali wa akuchimuna. Titangometa maliro, azakhali anayamba kufunsa mokweza kuti kodi mlendo amakhala mpaka liti. Kwawo kwa amayi kunalibenso munthu woti n'kutilandira. Choncho anagwira nkhuku n'kupita kukagwada kwa amfumu, mayi wofatsa wokonda fodya wonunkhiza. Amfumu anati tchire la kutsidya kwa khwawa, lomwe silinagwepo khasu, likhale la amayi ndi ana awo, osati la malemu, osatinso la abale awo.

Masiku amenewo kwathu munda sunkaperekedwa ndi pepala. Nduna ya mfumu inkayenda nawe m'malire monse, mboni zikuona. Ndunayo inali a Gwaza, bambo wamtali wa diso limodzi loyera, amene anafe tinkakhulupirira kuti amaweta afisi.

M'mawa wa tsikulo ndinali kuseri kwa nkhokwe ndikutsuka mbale, ndipo ndinamva a Gwaza akuuza amayi kuti, "Ife ndi dzuwa la kumadzulo. Pamafunika mwana. Mtsikana wanu wamkuluyu ndiye akhale chikhomo."

"Mutengeni," anayankha amayi.

Mayo ine! Chikhomo ndinkachidziwa bwino. Ndi kamtengo kosongola komangirirapo mbuzi, kamene amakakhoma pansi mpaka kutsala mutu wokha. Nditasuzumira ndinaona khasu paphewa pa a Gwaza, m'khwapa atapanira phale lodzaza makala. Ndinafuna kuthawa koma ndinamva akundiitana. Amayi anandimanga chitenje osandiyang'ana kumaso, ine n'kuti basi, agulitsa mwana kuti apeze munda. Ndinapatsa mng'ono wanga kachidole kanga kadothi, n'kumuuza kuti akasunge.

Tinayenda anthu asanu ndi mmodzi, ine pakati ngati mbuzi yopita kumsika. Pangodya yoyamba panali chulu. A Gwaza anayamba kukumba, ndipo ndisaname, ndinadzikodzera. Koma dzenjelo linali laling'ono, anangobzalamo nkhadze. Kenako anandiitana ndi chala, n'kundigwira khutu lakumanzere, n'kulipotoza mpaka ndinaona nyenyezi masana.

"Ukuona chiyani, iwe?"

"Chulu!"

"Chili pati?"

"Kumanja kwa njira ya kudambo!"

"Bwereza!"

Ndinabwereza katatu, mamina ali chuchuchu. Anachitanso chimodzimodzi pamtengo wa mpoza ndi pokhotera khwawa. Khasu likangotera pansi ndinkati dzenje langa ndi ili, ndipo likakhala laling'ono ndinkadziwa kuti langalo lili kutsogolo. Amayi ankangoonerera, manja kumbuyo.

Pangodya yomaliza panali mwala wong'ambika pakati. A Gwaza anandiimika pamng'alu wake, nkhope kolowera dzuwa, n'kundiuza kuti ndiyende ndikuwerenga mokweza. Nditafika pa seveni anati ndiime. Pamenepo ndiye anakumba zenizeni, dothi lofiira likuunjikana, mpaka dzenje linawafika m'ntchafu. Atandinyamula m'khwapa kunditsitsiramo, ndinakuwa mfuu yomwe inamveka kumudzi. Ndinaitana abambo, akufawo, poti amoyo anali atanditaya.

"Khuthula makalawa pansi," anatero a Gwaza, "uvundikirepo phaleli."

Ndinachita zimenezo. Kenako anandikoka kunditulutsa, n'kupotoza khutu lija kuposa paliponse.

"Nkhadze amazula, chulu amasalaza," anatero. "Koma makala saola, ndipo mwana saiwala pamene analirira."

Khutu linatupa masiku atatu. Amayi ankalithowa ndi kansalu ka madzi ofunda, koma ndinatha sabata osawalankhula. A Gwaza ndinadana nawo mpaka kukula.

Zaka zambiri zinadutsa. Mliri wa korona unandipeza ku Dubai, komwe ndinkakonza zipinda pahotela ina ku Al Garhoud. Ndege zitaima hotelayo inatseka, ndipo tinangokhala m'kachipinda kathu ku Deira, akazi asanu ndi mmodzi, aliyense akumvetsera chifuwa cha mnzake. Wina akangotsokomola tonse tinkayang'anana. Ine ndinkaopa kufera kuchilendo, koma foni ya amayi inandibweretsera mantha ena.

Mvula ikakuona litsiro siikata. A Gwaza anali atamwalira kalekale, ndipo amfumu aja ndi mboni yomaliza anatsatizana kumwalira m'mwezi umodzi ndi matendawo. Msuweni wanga Lufeyo, mwana wa azakhali, anapita kwa mfumu yatsopano kukanena kuti mundawo unali wa amalume ake, malemu abambo anga, amayi anangobwerekedwa, ndipo malire enieni ali pakati pomwe. Nkhadze anali atazula, mpoza atadula. Mlandu unali wa Loweruka. Amayi akaluza, ndiye kuti pa ukalamba wawo alibe polima ngakhale poika nyumba, chifukwa nyumbayo inali mbali imene Lufeyo ankafunayo.

"Enelesi mwanawe," anatero amayi pafoni, "watsala ndiwe."

Loweruka masana mng'ono wanga anaika foni pampando pakati pa bwalo, n'kukweza mawu. Ine ndinagwada pa simenti ya ku Deira, chifukwa mfumu sulankhula nayo uli chiimire ngakhale isakukuona. Anzanga anandizungulira. Mfumu itafunsa chimene ndikudziwa, mnzanga wa ku Chipata, Tisa, anandigunda ndi chigongono, n'kundifulumizitsa ndi mawu a Chiarabu.

"Yalla, kamba iwe!"

Dzanja langa linapita lokha kukhutu lakumanzere, ndipo mawu anayamba kutuluka. Chulu, kumanja kwa njira ya kudambo. Mpoza. Pokhotera khwawa. Mwala wong'ambika, nkhope kolowera dzuwa, mapazi seveni, pansi pake phale ndi makala.

Bwalo lonse linanyamuka ndi foniyo kupita kumunda. Ndinamva nduna yatsopano ikuwerenga mapazi, kenako khasu likugwa. Linagwa, linagwa, nthawi n'kumapita. Kenako ndinamva Lufeyo akuseka.

"Mfumu, muli dothi lokhalokha umu. Wa ku Dubaiyo akulota."

Ndinali m'dzenje muja kachiwiri, ndipo ulendo uno ndinali nditagwetseramo amayi. Ndinatsina khutu langa ndekha mpaka misozi, n'kudzifunsa kuti ndalakwitsa pati. Pamenepo ndinaona timiyendo tanga tatsiku lija, tafumbi, tikuponda udzu.

"Mfumu, pepani," ndinakuwa, "anayenda si a Gwaza! Ndinayenda ndine! Mupeze mtsikana wa zaka naini ndiye awerenge."

Anaitana kamtsikana ka pakhomo loyandikana. Ndinamva timawu take tikuwerenga mpaka seveni. Khasu linayambanso. Kenako, kuchokera kutali konseko, panamveka kuti khwe! Chitsulo chagunda phale. Nthungululu ya amayi inang'amba foni, Tisa n'kudzigwetsa pabedi akuti, "Khalas! Khalas!" ndiko kuti zatha m'Chiarabu. Za Lufeyo sindinamvenso.

Mawu a akulu amakoma akagonera, koma a a Gwaza anagonera zaka zochuluka zedi, ndipo sindinapeze mpata wowapepesa chifukwa cha afisi amene tinkawanamizira. Lero ndimadziwa kuti amayi sanandiyang'ane kumaso tsiku lija chifukwa akanandiyang'ana akanandilanditsa, ndipo tikanataya munda. Ndimadziwanso kuti mantha anga sanali abodza konse. Anandikhomadi pamalire paja, ndipo ngakhale ndinawoloka nyanja sindinazukepo.

Nditabwerera kumudzi ndege zitayambanso, ndinakafuna kamtsikana kaja kuti ndikathokoze. Kanabisala kumbuyo kwa mayi wake katagwira khutu. Amayi anga, okalambawo, anali atakapotoza katatu pamwala pomwepo phalelo lisanakwiriridwenso.