Tsiku Limene Ndinaona Mafupa a Amayi

Amayi anathyoka mkono masana dzuwa likuswa mtengo, tili m'chigafa cha fodya ku Mitundu. Sanagwe, ndipo palibe chimene chinawagunda. Anangonyamula mtolo wa fodya, ine n'kumva kuti thyo! ngati phesi louma. Anayang'ana dzanja lawo likulendewera, osalira n'komwe.

Anzathu pa esiteti ankanong'onezana kuti awalodza. Nanenso ndinali ndi mantha, chifukwa zaka zimenezo amayi ankafupika tikuona. Diresi lawo la kutchalitchi linali litayamba kusesa pansi.

Kuchipatala, adokotala anakweza chithunzi cha ekisileyi pawindo. Ndinaona mafupa a amayi, eniake ali pambali panga akupuma. Anali otuwa, opyapyala ngati nsungwi yofumbwa.

"Matemba mumadya ndi minga yomwe?" adokotala anafunsa. "Nanga mkaka, bonongwe?"

"Matemba ndimasiyira ana," amayi anayankha motsitsa mawu.

Adokotala anafotokoza kuti thupi likasowa kashiamu, mchere wolimbitsa mafupa, m'zakudya limakamutenga m'mafupa, mwakachetechete, zaka ndi zaka, munthu osamva kanthu.

Mkonowo unapola, koma wokhota. Mpaka lero ndikamawadzutsa pamphasa ndimawagwira ngati dzira, khutu lili tcheru.