Khutu la Egya Ekow pa Thanki ya Dizilo

Pa doko la Sekondi ukafunsa wothira dizilo m'mabwato a asodzi, aliyense amakulozera Egya Ekow Bentsil (kuno Egya ndiye kuti bambo), mkulu wamfupi wa dazi lowala ngati poto wokwecha ndi phulusa. Zaka makumi atatu akhala akugwira paipi pa chombo cha mafuta, ndipo ngakhale dontho limodzi silinagwerepo m'nyanja. Amanena okha zimenezi, komatu palibe anawatsutsapo.

Ndiye kunabwera lamulo lakuti woyang'anira kuthira mafuta pamadzi azikhala ndi setifiketi, ndipo setifiketiyo njolembera mayeso. Apa mpamene panagona nkhani, chifukwa Egya Ekow sanapondeko m'kalasi. Ntchito inali pafupi kuwapulumuka m'manja. Anaonda ndi maganizo, kenkey wa akazi awo, nsima ya kuno, n'kumangomuyang'ana.

Mwana wawo Araba, namwino wolongolola ngati wailesi, analembera ofesi ya za panyanja kupempha kuti lamulolo liwadumphe bambo ake.

"Akakana, Egya, muzidzandilerera ana," anatero.

"Iwe, mwano umenewu unatengera amako."

Akuofesi anatumiza Mayi Agbeko kuti akaone ndi maso awo. Mayiwo, osadziwa, anasankha Lachiwiri, tsiku limene msodzi wa kuno sapita kunyanja ngakhale atalota nsomba. Choncho mabwato onse anali padoko, eni ake ali ndandanda pakhoma opanda chochita. Mayeso a munthu mmodzi anasanduka chionetsero.

"Egya, lero muyankhe m'Chingerezi," wina anawagemula, anthu n'kufa nacho chiseko.

Koma manja a Egya Ekow ankadziwa ntchito yawo. Anatseka ndi zisanza timabowo totulutsira madzi m'bwato, anaika beseni pansi pa polumikizira paipi, anayandikiza ndowa ya mchenga, kenako anatsomphola ndudu pakamwa pa mwini bwatolo n'kuizimitsira mumchengamo. Mayi Agbeko ankangochonga m'buku lawo.

"Malamulowa munawawerenga liti, Egya?"

"Mayi, ine ndi buku sitidziwana. Koma nsomba yonunkha dizilo angagule ndani?"

Mayiwo anavula mpango n'kuphimba mita yowerengera dizilo. "Thirani tsopano. Mutseke thanki isanasefukire."

Egya Ekow anagwada, khutu pa kapaipi kotulutsira mpweya, dzanja pa chotsekera. Thanki yopanda kanthu imalira ndi mawu aakulu, ikamadzaza mawuwo amaning'a, monga botolo pampopi. Patapita nthawi anapotokola chotsekera.

"Kwatsala zala zinayi kuti idzaze," anatero.

Mayi Agbeko anaviika ndodo yoyezera m'thankimo. Zala zinayi ndendende.

Abale, phokoso lake! Asodzi anawanyamula m'mwamba, amayi ogulitsa nsomba akuvina ndi mabeseni kumutu, ndipo Araba, amene sasowa chonena, anangogwira pakamwa.

Patatha milungu iwiri Mayi Agbeko anabweretsa okha pepala lowalola kupitiriza ntchito popanda mayeso olemba. Egya Ekow anapukuta manja pa buluku kawiri konse asanalilandire. Analitembenuza uku ndi uku.

"Mayi, dzina langa lili pati?"

Mayiwo anaika chala pamzerewo. Mkuluyo anauyang'ana nthawi yaitali, akuseka misozi ili chuchuchu.

"Kani ndi lalitali chonchi," anatero. "Araba, undiwerengere pang'onopang'ono, ndimve bwino."