Mazira a Esteri Kuseri kwa Makina

Esteri anathyola tiyi mpaka msana unakana. Atasiya ku esiteti anapeza ntchito yosesa m'kanyumba kamalata kumtunda kwa Likhubula, momwe munali makina a makompyuta oyendera magetsi opukusidwa ndi madzi a m'phiri. Ntchitoyo inali yonyansa, tisabise mawu. Makinawo amatentha, ndiye nalimata, mphemvu ndi makoswe zinkathamangirako kukaotha, n'kumanyenyedwa ndi mafani oziziritsa makinawo. M'mawa uliwonse Esteri ankakokota nyansizo ndi kamtengo, atamanga mpango kumphuno.

Elson, yemwe ankayang'anira makinawo, anayesa kumufotokozera ntchito yake.

"Mayi, munthu akatumizira mnzake bitikoini, ndalama ya pa intaneti ija, palibe banki yovomereza. Zotumiza za anthu ambiri zimamangidwa mtolo umodzi, ndiye makina a dziko lonse amapikisana kulota nambala yotsekera mtolowo. Amene aipeza alandira mphotho, enawo aona ngati ili yoona, basi zatsimikizika. Kenako ayamba mtolo wina."

"Ndiye chiphokoso chonsechi n'kulota manambala?" Esteri analavulira pambali. "Si juga imeneyo, achimwene? Madzi abwinobwino a m'phiri muno kuthera pa juga!"

Ankadana nawo makinawo mosabisa, mpaka chaka chimene chitopa chinasesa nkhuku m'mudzi monse. Thadzi lake lomaliza linafa litangoyamba kufungatira mazira, ndipo nkhuku ina yoti n'kubwereka panalibe. Khola lake lonse linatsalira m'mazira amenewo. Pamenepo Esteri anakumbukira kampweya kofunda kotuluka kuseri kwa makina. Anayala chitenje m'dengu, n'kuikamo mazira, n'kulibisa pakona pomwe mpweyawo unkafika wofunda ngati m'khwapa. Ankawatembenuza tsiku ndi tsiku monga lichitira thadzi. Munthu yemwe ankatukwana juga uja anayamba kupempherera makina kuti asazime. Umphawi ulibe manyazi.

Anapiye atatsala pang'ono kuswa, Esteri anaitanidwa kumaliro a mlamu wake ku Chonde. Ali komweko mvula inakhuthuka m'phiri, mtsinje unadzaza, magetsi anachuluka. Elson, posadziwa za dengu, anayatsa makina onse, ngakhale aja ankangogona nyengo ya chilimwe. Pakona paja panasanduka uvuni.

Pobwera, fungo linamuchingamira Esteri pakhomo. Ntchentche zinali ng'waa pachitenje. Mazira ena anali ataphulika, akuchucha zobiriwira. Anatenga limodzi n'kuliswa ndi chala: mwanapiye wathunthu, nthenga ndi kamlomo komwe, atapsa n'kuwola. Misozi inalengeza m'maso mwake.

Elson analowa akumwetulira, maso ali pafoni.

"Mayi, sabata ino ndiye tagwira ntchito! Makina sanapume, anthu a kunja zinthu zawo zikungotsimikizika." Anaima n'kugwira mphuno. "Iii, nanga chafa muno n'chiyani?"

"Nkhuku zanga," anatero Esteri.

Ananyamula dengu n'kutuluka nalo panja, pomwe phokoso linali lochepa. Anakhala pamwala n'kuyamba kuika kukhutu mazira otsalawo, limodzilimodzi, mwina n'kumva kanthu kakugogoda m'kati. Onse anali zii. Lomaliza analigwira ndi manja awiri, n'kuligwedeza pang'onopang'ono, akulinyengerera ngati mwana. Linamuphulikira patsaya.