Lamba wa Ng'ombe pa Dzanja la Yotamu

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene asibweni, mlongo wawo wa amayi, anabwera ndi boti la injini ku Lundazi. Ankagwira ntchito kwa mzungu wina woperekeza alenje cha ku Lukusuzi, ndipo anawatuma kukakonzetsa injiniyo ku boma. Itakonzedwa, anati aiyese padamu, natumiza uthenga kwathu ku Magodi kuti tibwere tidzaone. Munthu ameneyu ankakonda kuonedwa kuposa kudya.

Tinakwera lole ine, amayi ndi mchimwene wanga Yotamu, amene ankayembekezera kulemba mayeso a giredi seveni mwezi wotsatira. Sukulu yonse inkadziwa kuti mnyamatayu apita kusekondale. Ankalemba bwino moti aphunzitsi ankamutuma kulemba pabolodi iwo atakhala pansi.

Asibweni anali ataonako azungu akukokedwa ndi boti pamadzi, ndiye anafuna kuti anthu a ku boma aone mphwawo Yotamu akuuluka chimodzimodzi. Zida anasankha okha, osafunsa munthu. Chokhalira anatenga chubu cha thirakitala, nasiya cha galimoto chifukwa chinali cha zigamba. Apo sindiwatsutsa. Chingwe chokokera chinali chanayiloni, ndipo kumapeto kwake kunali kamtengo kogwirira. Kamtengoko anakachotsa, nati mwana akatopa akasiya. Anamangirira chubu kuchingwecho, kenako anatulutsa lamba wachikopa, uja timamangira ng'ombe pagoli.

Kwathu ndife anthu a ng'ombe. Chinthu chimene sitifuna kuti chitayike timachimanga, ndipo mfundo yathu simasuka yokha. Asibweni anakulunga lamba uja padzanja lamanja la Yotamu, nam'mangirira kuchingwe chokokera. Amuna amene anaima pafupi anayamikira mfundoyo.

M'botimo munali jekete imodzi yoyandamitsa munthu pamadzi, yofiirira ngati papaya lakupsa. Anali ataivala asibweni, chifukwa munthu wojambula zithunzi anali atafika.

"Adumbu, mupaseni mwana jekete iyo," anatero amayi kwa mlongo wawoyo. "Sadziwa bwino kusambila."

"Azagwa bwanji nam'manga? Ng'ombe siinanithawepo ine."

Anthu anaseka. Mkazi sakanatsutsa mlongo wake wamkulu pagulu.

Ndikukumbukira fungo la petulo ndi kutentha kwa dzuwa la mwezi umenewo. Poyamba zinayenda bwino. Yotamu ankaseka, madzi akuthovoka m'mbali mwa chubu. Koma boti litakhota, chubu chinagudubuzika. Mwana wina aliyense akanatsala m'mbuyo n'kuyandama kapena kukuwa. Yotamu sakanatsala. Boti linamukoka ndi dzanja, mutu uli m'madzi, kumangotulukira pang'ono n'kumiranso.

Tonse tinakuwa. Asibweni anayesa tikuwachemerera, ndiye anatikwezera dzanja n'kuwonjezera moto. Sanacheuke. Anaima pamene mnyamata wina woweza nsomba anawagenda ndi chibuma cha dothi.

Chikopa chonyowa chinali chitalowa m'mnofu, moti anachita kudula ndi mpeni. Yotamu anasanza madzi, natsitsimuka. Kuchipatala dzanja analipulumutsa, koma zala zitatu sizinapindikenso. Mayeso analemba ndi dzanja lamanzere, zilembo zikupendama ngati za mwana wa giredi wani, ndipo palibe pepala limene anamaliza. Maina a osankhidwa atabwera, lake panalibe. Sanabwererenso kusukulu.

Asibweni anabwera kumudzi ndi shuga ndi malaya atsopano. Akuluakulu anakhala pansi nagwirizana kuti inali ngozi, ndiponso kuti asibweniwo ankafuna kuteteza mwana. Amayi anawaphera nkhuku. Ine ndi amene ndinawathirira madzi osamba m'manja, nditagwada, ndipo mtima unandiwawa kwambiri. Mpaka lero sindinawakhululukire, ngakhale anamwalira kalekale.

Nditakula ndinapita kumalo ena ochezera kumene amakoka ana ndi boti. Ndinaimirira n'kumamvetsera. Mwana aliyense ankamuveka jekete yomukwana, m'boti n'kukhala munthu woyang'ana kumbuyo, ndipo chinthu choyamba kumuphunzitsa chinali chakuti akagwa asiye chingwe. Kamtengo kaja asibweni anataya, ntchito yake inali imeneyo. Ndinazindikira kuti munthu woyamba kumene amagwa basi, ndipo wom'sankhira zida ayenera kuyamba waganiza za kugwako. Asibweni ankaganiza za anthu oonerera.

Yotamu amaweta ng'ombe ku Magodi, ndipo mfundo amamanga ndi dzanja lamanzere ndi mano. Nkhaniyi saikamba. Chithunzi cha tsiku lija asibweni anachipachika m'nyumba mwawo zaka zonse, ndipo alendo ankachiyamikira. Iwo akuoneka bwino, ali m'jekete, dzanja lili m'mwamba. Kumbuyo kwawo kuli chubu chogudubuzika, chopanda munthu.