Ndinapha geni ya alamu anga ndi adyo wamuwisi

Inu owerenga, ndinawononga dzina la munthu wosalakwa chifukwa chodziyesa katswiri wa kukhitchini, ndipo mpaka lero mtima umandipweteka.

Ndimakhala ku Bangwe, mpanda umodzi ndi alamu anga, achemwali a amuna anga. Iwowa ndi mayi wamasiye wochokera ku Nsanje, ndipo ankalera ana awo ndi geni ya tsabola wosinja. Ankasakaniza kambuzi wouma, mchere ndi adyo wouma, n'kumakagulitsa m'mabotolo kwa anyamata okazinga tchipisi ku Limbe. Adyoyo ankamuduladula okha n'kumuyanika padenga mpaka aziti gwaa. Ine ndinkawaseka kuti amadzivuta dala.

Tsiku lina kumudzi kunagwa maliro, ndiye ntchito anandisiyira ine. Mwatsoka kunachita chiperoni, adyo osauma, kwinaku anyamata aja akufuna katundu. Foni ndinali nayo m'manja, koma sindinawaimbire alamu. Ndinati adyo ndi adyo basi, komanso wamuwisi ndiye amanunkhira bwino. Ndinamusenda, n'kumusinjira limodzi ndi tsabola, kutseka mabotolo ndi kukapereka. Kunyada kwake, ndinkachita kuyenda mothimbwidzika.

Sindinaganize kuti adyo wamuwisi amakhala ndi madzi. Sabata isanathe, tsabola uja anaumbana ngati dothi n'kuchita chuku. Mnyamata wina anatsegula botolo pamaso pa makasitomala, fungo lake anthu n'kubalalika pachiwaya. Mbiri inawanda kuti mayi a ku Bangwe ayamba kugulitsa zowola. Pamene alamu ankabwerako kumaliro, onse anali atapeza kale kwina kogula.

Alamuwo ndinawauza zonse ndikulira. Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anangoyang'ana mabotolo omwe anyamata aja anabweza n'kunena motsitsa mawu kuti, "Alamu, mukanangondiflasha, ndikanakuimbirani."

Ndinapita ndekha ku Limbe kukafotokoza kuti wolakwa ndine, koma anyamata aja anangoti, "Masteni, zimenezo n'zakubanja kwanu."

Abale anga, adyo wamuwisi ndi wabwino mu ndiwo zodya lero lomwe, osati m'zinthu zouma zoti zisungidwe. Munthu akakusiyirani ntchito yake, muzifunsa, paja safunsa anadya phula. Koma phula langa akudya ndi alamu anga. Lero amakhala pamsewu ndi timilu ta tomato, ndipo ndikamadutsa amandipatsabe moni mwaulemu, ine nkhope ili pansi.