Loko wa Chiwongolero cha a Fyuzi

Nyumba ya a Fyuzi ndi yanga zinalekana ndi mpanda wokha. Dzinalo anawapatsa ndi madalaivala, chifukwa galimoto iliyonse yobwera ku galaja kwawo, kaya yakana kulira, kaya yathima magetsi, iwo ankayamba ndi funso lomwelo: "Fyuzi mwaiona?" Anakalambira pansi pa chiwongolero, chagada, miyendo ili panja, tochi ali kukamwa. Anyamata amene anawaphunzitsa ntchito anabalalika, aliyense ndi galaja yake. Akazi awo atamwalira, pakhomopo panatsala iwo, wailesi ndi galimoto yakale yobiriwira.

Kenako sitiroko inawagwira dzanja lamanja. Anachira, koma zala zinakana kupinda. Mwana wawo wamkazi, namwino wokhala kutali, anabwera kudzawadwazika, ndipo tsiku lobwerera anaponya kiyi wa galimoto m'chikwama chake.

"Bambo, musandikwiyire. Mukafuna kupita kwina muziimba foni, ndizikutumizirani takisi."

"Chabwino, mayi," anayankha. Sanaimbepo.

Galimoto ija inakhala pabwalo mpaka matayala anayamba kuphwa. M'mawa uliwonse ankaipukuta ndi dzanja lamanzere, kenako n'kukhalamo kanthawi, zitseko zili zotseka.

Tsiku lina anandiitana pampanda.

"Aneba, manja anuwo akugwirabe ntchito, kapena ndi onyamulira kapu basi?"

Ndinawapeza atachotsa kale zophimba za pansi pa chiwongolero. Mawaya anali atawalumikiza ku kabatani kofiira kamene anakaboolera pambali pa wailesi. Anakadina ndi chala chachikulu, injini n'kulira.

"Si yalira iyi? Nanga mwandiitaniranji?"

"Kulira si kuyenda. Tapotozani chiwongolerocho."

Ndinayesa uku ndi uku, koma chinangoti gwa. Anandifotokozera kuti kiyi akachoka, kachitsulo kena kamalowa m'mtengo wa chiwongolero n'kuchimanga. Anyamata a masiku ano, anatero, amaika batani n'kungosiya kiyi wodula m'bowo kuti azigwira kachitsuloko. Tsiku lina pabampu kiyiyo amasuntha, chiwongolero n'kuuma galimoto ili pa liwiro.

"Ntchito yanga sinaikepo munthu m'manda. Loko yense achoke."

Vuto linali mabawuti awiri ogwira lokoyo. Amawapanga dala opanda mitu kuti sipanala isagwire. Amamasulidwa ndi tchizulo ndi hamala, pang'onopang'ono, ntchito ya manja awiri. A Fyuzi anali ndi limodzi.

"Inu gwirani tchizulo, ine ndizimenya."

"Ndi lamanzerelo? Zala zangazi ndikuzifunabe, akulu."

"Mumagwira nazo chiyani? Tagwirani apa."

Anaphonya kamodzi kokha, ndipo chikhadabo changa chikadali chakuda. Bawuti yoyamba inatembenuka msanga. Yachiwiri inatitulutsa thukuta, iwo akupumira m'mwamba, ine khosi litauma. Pomaliza chitsulo chonse chinagwera pamiyendo pawo. Anazunguza chiwongolero ndi chikhatho, chikuyenda ngati chadzoledwa mafuta, koma sanaseke.

Tinapopa matayala mosinthana. Analowa m'nyumba, natuluka atavala jekete ndi nsapato zopolisha.

"Kwerani."

Galimotoyo ndi yosintha yokha magiya, choncho lamanzere linakwanira, lamanja litangotsamira pachiwongolero. Anatuluka pageti osakhudza chipilala, n'kuyendetsa bwinobwino mpaka pamphambano. Pamenepo anaima.

"Uku n'ku galaja, koma masiku ano amagulitsako matailosi," anatero. "Uku n'kumanda."

Injini inkangolira. Wa lole kumbuyo kwathu anaimba hutala, natulutsa mutu pawindo.

"Madala, mwagona kodi?"

A Fyuzi anamukodola kuti adutse. Atadutsa, anafunsa osandiyang'ana.

"Aneba, inu mulibe kopita?"

Ndinati mankhwala anga a miyendo atsala pang'ono kutha. Anayatsa indiketa nthawi yomweyo. Ku sitolo ya mankhwala anandidikira panja, galimoto ataiimika mowongoka bwino pakati pa mizere.

Mwana wawo amaimbabe foni Lamlungu, ndipo kudzera pampanda ndimamva akumuyankha kuti kiyiyo asunge bwino. M'mawa amandiitana ndi funso lija loti ndilibe kopita. Ndikakhala nako kopita, jekete amavala. Ndikapanda, ndimamva injini ikulira pabwalo kanthawi, kenako n'kuzima.