Tsiku Limene Mdzukulu Anatsogolera

Bambo oyandikana nafe nyumba timangowatchula kuti a Makalata, chifukwa anagwira ntchito yoperekera makalata zaka makumi atatu. Nsapato zawo zimakhala zopukuta nthawi zonse, ndipo ukawafunsa njira amayankha monyadira kuti, "Tauni ino ndinaiyeza ndi mapazi angawa."

Loweruka lililonse ankayenda ndi mdzukulu wawo wamkazi wa zaka zisanu. Ankayambira kumalo osewerera ana, kenako pamlatho kukaona sitima, n'kumalizira kogula ayisikirimu.

Tsiku lina pobwerera anaima pamphambano, n'kumangoyang'ana uku ndi uku. Nyumba zonse zinawaonekera zachilendo.

"Agogo, mwatopa?"

"Ayi, mayi. Lero utsogole ndiwe, ndione ngati wakula."

Mwanayo anawagwira chala mpaka kufika pageti, ndipo anathamangira m'nyumba akusekerera. "Amayi, agogo anasochera! Ndawabweretsa ndine!"

Amayi akewo sanaseke. Kuyambira pamenepo geti limakhala lokiya.

Dzulo ndinawamva kuseri kwa mpanda, mwana akuwachonderera. "Tiyeni koyenda, agogo. Musaope, njira ndikuidziwa."

A Makalata anayankha motsitsa mawu.

"Kawapemphe amayi ako. Ukawauze kuti undisamala."